Manja okonza kandodo ka Joy-Con

Kandodo ka Joy-Con, chipangizo chowongolera magemu a Nintendo Switch, kakatopa, munthu wa m'gemu amangoyenda yekha chala chisanakakhudze n'komwe. Mkati mwake mumakhala mutaperepeseka, mwinanso mutalowa fumbi.

Ndimasilira anthu okonza zimenezi. Amamasula timasikuluwu tinayi ta nsonga zitatu, n'kutsegula chikuto pang'onopang'ono, poti timawaya tam'katimo n'topyapyala ngati khoko la anyezi, sitichedwa kuduka. Batire amalisuntha mosamala, kenako n'kutukula kotsekera waya ndi kopanira kakang'ono, atagwira mpweya. Ena amaikamo kandodo ka maginito, kosakhulana m'kati, kuti kakhalitse. Akatseka amayesa mbali zonse, kuona ngati kakubwerera pakati.

Pakanapanda kuleza mtima kotereku, chipangizo chabwinobwino chikanaponyedwa kudzala chifukwa cha kachitsulo kamodzi, mwini wake n'kulowanso m'thumba kugula china.