Kafukufuku wa ku Rakai ndi funso la abambo a kwa Jenala

Alangizi a zaumoyo akamakopa abambo kwa Jenala ku Phalombe kuti akachite mdulidwe wa kuchipatala, funso limene limavuta si la HIV. Zoti mdulidwe umachepetsa chiopsezo chotenga kachilombo ndi pafupifupi 60 peresenti, ambiri anazimva kale. Bambo amanong'ona kuti: "Nanga kuchipinda zidzakhala bwanji? Mayi akunyumba akaona chipsera adzati chiyani?"

Yankho limene alangizi amapereka limatsamira pa kafukufuku wa Kigozi ndi anzake, wa ku Rakai m'dziko la Uganda, wofalitsidwa mu 2008. Anatsatira abambo 4,456 a zaka 15 mpaka 49. Patatha zaka ziwiri, 98.4 peresenti ya odulidwa ndi 99.9 peresenti ya osadulidwa anati amakhutira pogonana.

Kafukufukuyu ndi wamkulu, ndipo magulu awiriwa anasankhidwa mwamaere. Pamenepo palibe chomutsutsa. Koma funso limene pafupifupi aliyense wayankha kuti "inde" silingasiyanitse wokhutira ndi wamanyazi. Ndi bambo uti angauze mlendo wonyamula pepala, wochokera kwa omwe anamudula, kuti kunyumba zinthu sizikuyenda? Zotsatira zake zikukamba za chilakolako, mphamvu ndi ululu. Za bambo amene amathimitsa nyale asanavule, kapena msodzi amene amapewa kusamba ndi anzake ku Chilwa, sizikumveka.

Mlangizi atha kunena mosakayika kuti mdulidwe supha banja. Zoti bambo adzakondwa ndi maonekedwe ake, kafukufukuyu sakumupatsa mphamvu yolonjeza.