Funso lachiwiri la Brian Banda

Kwathu ku Machinga mwana safunsa wamkulu kawiri. Agogo kapena amfumu akayankha, kaya yankholo ndi lokhota, umawomba m'manja n'kuchokapo. N'chifukwa chake anthu a pa Ntaja, pa Liwonde ndi pa Ulongwe amatchera khutu Brian Banda akakhala pansi ndi nduna. Iye amachita zomwe ife tidaletsedwa tili ana.

Banda adatchuka ndi pulogalamu ya Straight Talk pa Capital FM, wailesi yomwe Alaudin Osman adayambitsa mu 1999. Pambuyo pake ambiri tidamudziwa ndi Times Exclusive ndi Hot Current pa Times. Ndidamuonerapo m'kanyumba kometera tsitsi pa Balaka, foni itatsamira pagalasi, anyamata a kabaza atatu atadzaza pakhomo. Wandale wina atazungulirazungulira, Banda adabwereza funso lomwe lija, mawu omwewo. Wometa adazimitsa makina, mutu wa kasitomala uli theka, kuti amve bwino.

Luso lake lagona pomwepo. Funso loyamba aliyense angafunse, ndipo mlendo amachoka kunyumba atalikonzekera kale. Lachiwiri silingalembedwe papepala, chifukwa limabadwa m'yankho. Kuti ulipeze uyenera kumvetsera mawu amene munthu wawalumpha, chiwerengero chimene sadatchule, lonjezo la chaka chatha limene akufuna tiliiwale. Banda amalipeza, ndipo amalifunsa osataya ulemu wa pakamwa. Mlendo amaitanidwabe ndi udindo wake, koma sapatsidwa pothawira. Ulemu wa Chimalawi, womwe ena amati ndiwo umatitseka pakamwa, iye amaukulungira funso lowawa.

Komatu pali pomwe amandikhumudwitsa. Nthawi zina changu chimamupitirira, amadula mlendo chiganizo chisanathe, ndipo omvera amayamba kumvera chisoni munthu amene amayenera kuyankha mlandu. Pamenepo ndimakumbuka Joab Frank Chakhaza wa Cruise 5 pa Zodiak, yemwe amadziwa kudikira mpaka mlendo atulutse yekha zomwe sadabwerere. Kukhala chete nako ndi njira yofunsira, ndipo Banda saigwiritsa ntchito mokwanira.

Nkhani ina ndi ya mu 2020, pomwe adasankhidwa kukhala mneneri wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Wofunsa adasanduka woyankha. Sindimuweruza, munthu amafuna ntchito. Koma chuma cha wofunsa mafunso ndi chikhulupiriro cha womvera, ndipo atabwerera ku Times ena tidamvetsera ndi khutu limodzi kaye, tikufuna kuona ngati mano ake adakalipo pamaso pa omwe ankadya nawo. M'kuona kwanga alipo ndithu.

Tsopano achinyamata ambiri ali ndi maikolofoni ndi foni, akujambula macheza awo n'kuika pa Facebook ndi YouTube. Ambiri atengera kwa Banda kukweza mawu, asiya kukonzekera. Inu a ku Balaka ndi Machinga amene mwayamba ntchitoyi, musadikire nduna ya ku Lilongwe. Itanani khansala wa kwanu, mutawerenga kaye zomwe adalonjeza za mjigo ndi mlatho. Akayankha mokhota, mupatseni ulemu wake wonse, kenaka mufunseninso.