Dalaivala wa m'nkhani zathu satopa

M'nkhani zazifupi za Chichewa muli anthu ena amene timawadziwa asanatsegule n'komwe pakamwa. Mayi wopeza amakhala wankhanza, sing'anga amakhala wonyenga, ndipo dalaivala wa thiraki amakhala wachimasomaso. Akangotulukira pa tsamba, owerenga timadziwiratu kuti ali ndi chibwenzi pa Mwanza, china ku Tete, ndipo kumapeto adzabwerera kumudzi ali gonegone kudzavutitsa mkazi wake wosalakwa. Nkhani zotere ndawerenga zambiri m'masamba a Chichewa a nyuzipepala zathu, ndipo zina ndazimva m'masewero a pa wailesi. Funso limene limandivuta ndi ili: kodi dalaivala ameneyu amagwira chiwongolero nthawi yanji? Timamuona ku bala ndi ku resitihausi, koma pa ntchito yake sitimuonapo. Sasinza, msana sumupweteka, satopa.

Sindikutsutsa kuti pa zaka zimene Edzi inkapululutsa anthu m'midzi mwathu, alembi anali ndi udindo wochenjeza. Uthenga unali wofunika ndipo unapulumutsa ena. Vuto ndi lakuti tinasandutsa munthu wamoyo kukhala chikwangwani cha pamsewu. Chikwangwani sichikhala ndi abwana, sichidikira malipiro, sichidziwa tulo. Mwa njira imeneyi tinataya nkhani yaikulu kwambiri ya moyo wa dalaivala, imene ndi nkhani ya nthawi yake ndi thupi lake.

Kwathu kuno kwa Kabudula sitifunika kupita kutali kuti tiione nkhaniyi. Nyengo yogulitsa fodya ikafika, malole amapakira mabelo m'midzi ya kuno, ku Nsaru ndi ku Nambuma n'kulunjika ku okushoni ku Kanengo. Ulendo wake ndi wa maola ochepa chabe, koma aliyense amene analimapo fodya akudziwa kuti lole itha kuima pa mzere masiku angapo isanatsitse. Dalaivala sangachoke, chifukwa belo limodzi likasowa mlandu ndi wake. Amagona m'galimoto, amadya chimanga chowotcha ndi tchipisi cha pa chiwaya, kwinaku mlimi akumuimbira foni kufunsa chifukwa chimene fodya wake sanalowebe. Palinso anzake a magalimoto aang'ono amene amatibweretsera maphukusi m'maofesi a boma akumudzi: mabuku, mankhwala, mapepala a mayeso. Nthawi ya dzinja galimoto ikatitimira m'matope amafika dzuwa litalowa, ndipo ife olandira moni wathu woyamba umakhala wakuti, “Mwachedwa bwanji, achimwene?” Palibe amene amafunsa kuti anadzuka nthawi yanji.

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola a masiku onse ogwirira ntchito asapitirire 48 pa sabata. Tsono maola amene dalaivala waima pa mzere ku Kanengo, kapena pa chipata cha Songwe kudikira mapepala, ndi a yani? Abwana amati galimoto sinkayenda, choncho munthuyo amapuma. Dalaivala amati sanali kunyumba kwake, choncho anali pa ntchito. Mlembi wofuna mkangano wa m'nkhani yake angapezenso wina woposa uwu? Uli ndi ndalama, uli ndi chilungamo, uli ndi banja limene likudikira bambo amene akabwera amangofikira pa mphasa.

Tikayang'ana m'mbuyo tipeza kuti nkhaniyi ndi yakale. Misewu isanalambulidwe, katundu ndi makalata a atsamunda ankayenda pa mitu ya amtengatenga. Galimoto zitabwera, mtolo unachoka pamutu n'kupita pa chiwongolero, koma kutopa sikunachoke. N'chifukwa chake limodzi mwa mabungwe oyambirira a anthu apantchito m'dziko muno linali la ogwira ntchito za mtengatenga wa pa galimoto, limene Lawrence Makata ndi Lali Lubani anatsogolera ku Blantyre mu 1949. Masiku athu ano, mu 2019 komanso mu 2021, madalaivala a mathiraki ananyanyala ntchito n'kuimika galimoto m'mbali mwa misewu. Dandaulo lalikulu mu 2021 linali lakuti mabwana ena sankapereka malipiro a K140,000 pa mwezi amene anakhazikitsidwa. Patangopita masiku ochepa mafuta anayamba kusowa, ndipo dziko lonse linakumbuka kuti dalaivala alipo. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo kuti olemba ntchito azitha kudula malipiro a wonyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka. Zonsezi zinachitika ife alembi tikuona, koma m'zimene ndawerenga dalaivala wathu akadali ku resitihausi komwe kuja.

Kuti timvetse zimene tikutaya, tiyeni tione mmene ena anaigwirira nkhaniyi. Mu 2019 Ken Loach wa ku Britain anatulutsa filimu yotchedwa Sorry We Missed You, imene analemba ndi Paul Laverty. Ndi nkhani ya Ricky, bambo wa mumzinda wa Newcastle amene amapereka maphukusi khomo ndi khomo. Kampani imamuuza kuti si wolembedwa ntchito koma mwini bizinesi, choncho agule yekha galimoto. Kuti ndalama ipezeke agulitsa galimoto ya mkazi wake, Abbie, amene amasamalira okalamba m'makomo. Kachipangizo ka m'manja kamawerenga mphindi iliyonse, ndipo mnzake amupatsa botolo loti azikodzeramo poti nthawi yopita kuchimbudzi palibe. Luso la filimuyi lili poti Ricky si woyera mtima ayi. Amapsa mtima, amakalipa, mpaka afika pomenya mwana wake. Koma woonera amadziwa kumene ukaliwo wachokera, chifukwa wayenda naye tsiku lonse. Apa ndiye pagona kusiyana. Ife timayamba ndi tchimo la munthu, pamene Loach amayamba ndi ntchito yake, tchimo n'kubwera pambuyo ngati mwana wa kutopa.

Komabe filimuyi sindiitenga ngati mulingo wathunthu. Ricky ali yekhayekha, alibe bungwe, ndipo woonera atha kutuluka akuganiza kuti bungwe likadakhalapo mavuto onse akadatha. Zochitika ku America zikuonetsa kuti si choncho. Madalaivala a kampani ya maphukusi ya UPS ali m'bungwe lamphamvu la Teamsters, limene mu 1997 linaimitsa ntchito masiku 15, antchito pafupifupi 185,000 atanyanyala. Komatu mu 2023, pokambirana mgwirizano wa antchito pafupifupi 340,000, ankalimbanabe ndi nkhani za thupi: kutentha kwa m'galimoto zopanda makina oziziritsira mpweya, ndi kukakamizidwa kugwira ntchito pa tsiku lopuma. Mgwirizano wawo ulinso ndi mfundo yolola dalaivala kudandaula ngati akumugwiritsa ntchito mobwerezabwereza kupitirira maola asanu ndi anayi ndi theka pa tsiku. Mfundo yotere kupezeka m'mgwirizano ndi umboni wakuti vutolo likadalipo. Bungwe silichotsa kutopa. Limangopatsa munthu wotopa pakamwa polankhulira.

Pakamwa pamenepa ndi pamene mlembi wa Chichewa angapezepo chuma. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma mitu yambiri ikasenza denga ena amawerama kuti alemedwe ndi anzawo. Taganizani za mtsogoleri wa madalaivala amene masana akukambirana ndi mabwana, madzulo anzake akumunena kuti wadya chibanzi. Taganizani za dalaivala amene akufuna kunyanyala nawo koma mwana wake wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi. Nanga mkazi wake, amene m'nkhani zathu ntchito yake ndi kulira basi? Iye ndi amene amadziwa kuti alawansi ya paulendo yatha bwanji, ndipo ndi amene amaletsa ana kusewera pafupi ndi zenera bambo akagona masana. Nanga mwini lole imodzi wa pa Nsaru, amene naye ali ndi ngongole ndipo sagona? Palibe mmodzi mwa awa amene ali mngelo kapena satana, ndipo n'chifukwa chake ali oyenera kulembedwa.

Ena adzati ntchito ndi nkhani youma, owerenga amafuna zachikondi. Ine ndikuti kuuma kuli m'cholembera, osati m'ntchito. Samuel Josia Ntara polemba Nthondo mu 1933 sanaope kumutsata munthu wake pa ulendo wokasaka ntchito kutali ndi kwawo, ndipo bukulo likuwerengedwabe. Chikondi chenichenicho chimayesedwa ndi maola: amene palibe pakhomo mwana akamadwala, amene wafika koma maso ali psuu, mawu osatuluka. Chilankhulo chathunso sichiperewera. Tili ndi kusinza, kuwodzera, kulefuka, kufooka, kuphwanya m'thupi, kutheratu. Mawu onsewa akudikira mlembi amene angawasiyanitse.

Chimene chimafunika ndi kuleza mtima kokamvetsera. Alembi ambiri ndife aphunzitsi, alembi a m'maofesi ndi alangizi, anthu oweruka dzuwa likadalipo. Dalaivala timamuona akudutsa, fumbi lili koboo, kenaka timamupekera moyo kuchokera pa mphekesera. Mlembi amene akufuna kulemba za iye ayambe wakwera lole ya fodya usiku umodzi, akhale nawo pa mzere, awerenge maola. Akatero adzakhala ndi ufulu wotiuza za machimo a munthuyo, ndipo ife owerenga tidzamukhulupirira, chifukwa adzakhala atayamba watiuza kuti dalaivalayo anagona liti komaliza.