Kanema, Mpingo ndi Thupi la Munthu

Pa msika wa Mayani, m'dziko la Mfumu Tambala ku mapiri a Dedza, kanema sali chinthu chachilendo. Monga pa misika ina yambiri ya m'Malawi, munthu alipira kandalama pakhomo, nalowa m'nyumba ya mdima, nakhala pa benchi kupenya zithunzi zoyenda. Ena aonera pa lamya za m'manja ali khale pakhonde pawo. Ndipo chiyambire kudza kwa zithunzizi, akulu a mipingo akhala alikufunsana kuti: kodi Mkhristu aziona ziti, nanga azileka ziti?

Muyeso umene ambiri ayesera ndi uwu. Ayang'ana zovala za akazi, ayang'ana ngati mwamuna ndi mkazi apsompsonana poyera, nawerenga mfuti ndi mabotolo a mowa. Zikapanda kuoneka izi, ndipo makamaka pakaoneka mbusa atanyamula Buku Lopatulika, ati kanemayo ngwabwino. Muyesowu suli wopanda nzeru, pakuti mwana atsanza msanga chimene waona. Koma uli waufupi. Sufika pa funso lina lalikulu, lakuti kanemayo aphunzitsa zotani za thupi la munthu, za nthenda zake ndi kuchira kwake. Mtumwi Paulo, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, anayesa thupi ngati kachisi. Ngati nkutero, kanema wosokeretsa munthu wodwala aipsa kachisiyo koposa kanema woonetsa maondo a namwali.

Achinyamata ambiri ayesa kuti amishoni anadana ndi kanema kuyambira kale. Si tero ayi. M'chaka cha 1935 bungwe lalikulu la mishoni, International Missionary Council, linayambitsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, ndi ndalama zochokera kwa a Carnegie a ku America. Azungu awiri, Notcutt ndi Latham, anamanga msasa pa Vugiri m'mapiri a ku Tanganyika, najambula zithunzi 35 kufikira chaka cha 1937, ochita sewero ali anthu akuda. Anaziika pa lole nayenda nazo m'maiko asanu, ndipo Nyasaland linali limodzi la maikowo. Zithunzizo zinali zosalankhula zokha. Mawu anali pa mbale za galamafoni m'zinenero zingapo, ndi Chinyanja chomwe.

Chimodzi cha zithunzizo, Tropical Hookworm, cha m'chaka cha 1936, chinanena za njoka za m'mimba zoyamwa magazi. Nthendayi iyenda motere. Mazira a njokazo atuluka ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Chimbudzicho chikasiyidwa patchire, mazira aswa m'dothi lachinyezi, ndipo tiana take, tosaoneka ndi maso, tiboola khungu la phazi la munthu woyenda wopanda nsapato. Tiyenda ndi magazi kufika m'mapapo, tikwera kummero, timezedwa, nitikhazikika m'matumbo kumene tiyamwa magazi usana ndi usiku. Munthu ayamba kuwezuka, manja ayera, khasu limlemera, ndipo anansi amnena kuti ndi waulesi kapena kuti wina wamlodza. Mankhwala ake alipo kuchipatala, ndipo chotchinga chake ndicho kukumba chimbudzi ndi kuvala nsapato.

Chiphunzitso chimenechi chinali choona, ndipo chikali choona lero lomwe. Koma ngati sewero, zithunzi za mtundu umenewu zinali zozizira. Munthu wa m'chithunzi sanali munthu weniweni, wa mkwiyo wake ndi nthabwala zake. Anali ngati choko cha mphunzitsi. Bungwe la Boma lotchedwa Central African Film Unit, limene linayamba ku Salisbury m'chaka cha 1948 nilitha mu 1963, linatsata njira yomweyo. Kawirikawiri linaonetsa anthu awiri, wanzeru womvera mlangizi ndi wopusa wokana malangizo, ndipo woonera anadziwiratu mathero ake chithunzi chisanafike pakati. Munthu wa ndevu zake sakonda kuuzidwa nthano ngati kamwana. Chifukwa chake ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, kumene amuna ambiri a kuno anakagwira ntchito, khamu linakondwera koposa ndi anyamata a pa akavalo a ku America, amene onsewo linawatcha Jack. Amishoni anali ndi choona, koma Jack ndiye anali ndi anthu.

Dziko litalandira ufulu, Boma la Dr Banda linaika lamulo loyang'anira zithunzi, mabuku ndi masewero m'chaka cha 1968. Oyang'anirawo anadula m'zithunzi zonse zimene anaziyesa zolaula, ndipo Akhristu ambiri anavomera. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mochedwa, mu 1999. Koma pofika nthawi imeneyo makaseti a vidiyo anali atalowa kale m'matauni ndi m'misika, ndipo pambuyo pake panadza madisiki otchipa, ochuluka a iwo ochokera ku Nigeria. M'menemo munali chinthu chimene lumo la woyang'anira silikanachidula, pakuti chinavala bwino, nichitchula dzina la Mulungu.

Kholo la zithunzi zimenezi ndilo Living in Bondage, cha m'chaka cha 1992, chimene Kenneth Nnebue anachikonza m'chinenero cha Igbo. Nkhani yake ndi ya Andy, mwamuna wosauka wosirira chuma cha anzake. Iye alowa m'gulu lachinsinsi, napereka mkazi wake Merit ngati nsembe. Chuma chidza ndithu, magalimoto ndi nyumba, koma mzimu wa Merit sumleka. Uonekera pa phwando, uonekera pa malonda, kufikira Andy apenga nayamba kutola zakudya m'zinyalala. Pomwepo mkazi wina, amene kale anali wadama koma tsopano watembenuka mtima, ampeza namtengera ku tchalitchi, kumene aulula tchimo lake nachira.

Sewero limeneli liyenera kutamandidwa pa zinthu ziwiri. Lili ndi moyo, pakuti Andy ndi munthu wodziwika m'mudzi uliwonse: mnyamata amene mtima umuwawa poona mnzake wa msinkhu umodzi atakhoma malata iye akali m'nyumba ya udzu. Ndiponso linena zoona za chikumbumtima, kuti mwazi wa munthu wosalakwa sugona. Mlaliki sangachitire mwina koma kuvomera.

Komatu ana a kholo limeneli anachuluka ngati chiswe, ndipo ambiri anatenga mafupa okha nasiya mnofu. Mwa iwo nthenda iliyonse ili ndi mwini wake. Mkazi akapanda kubala, ndi apongozi. Mwana akakomoka, ndi agogo. Mwamuna akaonda, ndi mkazi wachiwiri. Dokotala aoneka kamphindi, apukusa mutu nanena kuti sapeza kanthu, ndipo mbusa adza pomaliza ndi mfuu yaikulu, moto utuluka m'manja mwake, mfiti igwa pansi, wodwala nadzuka. Akulu a mpingo akaona mathero otere ati, ameneyu ndiye kanema wa Chikhristu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyererezo ndi izi. Mwana wa ku Mayani akatentha thupi nayamba kukomoka, kawirikawiri ndi malungo aakulu, ndipo tsiku limodzi lochedwa likhoza kumtengera kumanda. Mayi amene wapenya zithunzi makumi awiri zonena kuti kukomoka ndi ntchito ya mfiti adzayamba wafunsa kuti walodza ndani, m'malo mobereka mwana kuthamangira kuchipatala. Khunyu lili ndi mankhwala oletsa kugwa. Misala yambiri ichizika, ndipo ku Zomba kuli chipatala cha nthenda zimenezi. Mankhwala otalikitsa moyo a anthu okhala ndi kachilombo ka HIV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za m'Malawi m'chaka cha 2004, ndipo asunga moyo wa anthu osawerengeka; koma munthu akawaleka poyesa kuti pemphero lachotsa kachilombo, kachilomboko kabwerera ndi mphamvu, nthawi zina kosamvanso mankhwala oyambawo.

Palinso amene anenedwa kuti ndiwo eni nthenda. Chithunzi cha End of the Wicked, chimene mlaliki Helen Ukpabio anatulutsa mu 1999, chinaonetsa ana aang'ono akudya nyama ya munthu usiku, ndipo ku Nigeria komweko anthu oteteza ana anachidzudzula kuti chinathira mafuta pa moto wozunza ana. Kuno lamulo la m'chaka cha 1911 linaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno mphezi itapha mtsikana wa m'mudzi mwawo. Kanema sindiye anabala chikhulupiriro chimenechi, anachipeza chilipo. Koma achidyetsa tsiku ndi tsiku, nachiveka kolala ya ubusa.

Chikhristu chimene chinafika ku mapiri ano sichinali chotero. Pa Nkhoma, pamene sipali patali ndi Mayani, amishoni anamanga tchalitchi, ndipo m'chaka cha 1915 anayambanso chipatala pa phiri lomwelo, kumene akhungu ambiri apenyanso atachotsedwa ng'ala. Sanaone mkangano pakati pa pemphero ndi mpeni wa dokotala. Ndipo Luka, wolemba Uthenga wachitatu, anali sing'anga.

Tsono pali chithunzi china, cha mwana wa dziko lino, chimene muyeso wakale uja ungachikane pakhomo pomwe. Shemu Joyah anatulutsa The Road to Sunrise m'chaka cha 2017, ndipo chaka chotsatira chinalandira mphoto ku Lagos monga chithunzi choposa zonse za kumwera kwa Africa. Chinena za akazi awiri, Rubia ndi Watipa, ogulitsa matupi awo mu mzinda wa Blantyre. Muli mowa, muli zovala zazifupi, muli mawu osayenera kumveka m'makutu a ana, ndipo kholo lichita bwino kusalola ana kuchiona. Koma munthu wamkulu akachipenya mofatsa sadzasirira moyo umenewo ngakhale pang'ono. Adzaona mantha a akaziwo, ndi nkhanza za amuna olemera amene masana alemekezedwa. Tsiku lina Rubia akana mwamuna wachuma. Iye afuna kumgwira mwamphamvu, Rubia namlasa ndi mpeni, naimbidwa mlandu wakupha. Funso limene chithunzicho chiika pamaso pa woweruza ndi lakuti: kodi thupi la mkazi wonyozeka likali lake, kuti akhoza kulikaniza? Buku Lopatulika nalonso silibisa tchimo la Davide ndi mkazi wa Uriya, kapena ntchito ya Rahabi wa ku Yeriko. Kuonetsa choipa ndi kuchikometsa zili zinthu ziwiri zosiyana, ndipo Joyah anaonetsa osakometsa.

Izi sizitanthauza kuti mantha a akulu a mpingo ali achabe. Zithunzi zamaliseche zilipo, ziyenda pa lamya kuchoka kwa mnyamata kufika kwa mnzake popanda wozidula, ndipo izo sizifunsa funso lililonse. Zigulitsa thupi monga nyama ya pa msika. Ana othawa sukulu kukakhala m'nyumba ya kanema aliponso, ndipo mwini nyumba wolandira ndalama ya mwana wovala yunifolomu nthawi ya maphunziro ayenera kuitanidwa kwa nyakwawa.

Chotsala ndi nyumba yomweyo. Kuti chithunzi chioneke bwino, eni ake atseka mazenera ndi matumba kapena makatoni, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July, pamene mphepo ya ku Dedza iluma, oonera akondwera nako kufundako. Koma kachilombo ka chifuwa chachikulu, kamene Robert Koch anakapeza m'chaka cha 1882, kayenda mu mpweya wa munthu wotsokomola, ndipo kakhala nthawi yaitali m'chipinda chopanda mphepo ndi dzuwa. Amene wakhala akutsokomola milungu iwiri ayenera kukayezetsa makhololo asanakhalenso pa benchi ndi anzake. Mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'zipatala za Boma salipiritsa.