Mayina a Kalankhulidwe

Munthu wophunzira kuwerenga atakula kale ali ndi mwayi umodzi woposa mwana wa sukulu: makutu ake ndi okhwima. Pabwalo la milandu kwa Kabudula, kapena pamsika wa Nsaru, iye anamva kuti mawu ali ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi dzina lake.

Pali mawu achindunji, onena chinthu monga chiliri. Pali mawu okuluwika, obisa tanthauzo kuti womva alifukule yekha. Pali mawu aulemu: wolengeza maliro sanena kuti "Uje wafa," koma "Uje watisiya." Kudzudzula ndi kwina, kulalata ndi kwinanso, pakuti wodzudzula afuna kukonza mnzake, koma wolalata afuna kumchititsa manyazi. Chomwechonso nthabwala isiyana ndi chipongwe. Mawu amene asuweni aseka nawo, akanenedwa kwa apongozi asanduka mlandu.

Tsono mayina amenewa ndiwo muyeso woyesera mabuku. Buku la Samuel Nthara lotchedwa Nthondo, la 1933, litsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa, ndipo likoma chifukwa anthu ake alankhula monga alankhulira anthu kumudzi. Koma alembi ena alankhulitsa mfumu, nkhoswa ndi kamwana ndi liwu limodzi, lonse la ulaliki. Nkhani yotere ndi ndiwo zopanda mchere.

Kotero wowerenga azidzifunsa: kodi nkhoswa ya ku Namitete ingalankhule chotere pa mlandu wa ukwati? Ngati singatero, wolakwa ndi mlembi, osati makutu a wowerenga.