Final Fantasy VII: Kodi Ndi Oyenera Maola 40 a Moyo Wanu?

Acinyamata anzanga, ambiri a inu mwaonapo masewera a pa TV ocokera ku Japan, aja a anthu a maso akuluakulu, tsitsi losongoka ngati minga ndi malupanga otalika kuposa eni ake. Kajambulidwe kameneka kamachedwa anime. Makolo ena akangowaona amati ndi zidole zotayitsa nthawi, pamene acinyamata ena amawaikira kumbuyo ngati kuti alibe banga. Ine ndasankha amodzi ochuka kwambiri, Final Fantasy VII, amene ndinawasewera kuyambira paciyambi mpaka kumapeto, kuti tiwaike pa sikelo. Ndikucenjezeni kuti ndiulula zina za m'nkhani yake.

Masewerawa anapangidwa ndi kampani ya Square ndipo anaturuka mu 1997 pa makina a PlayStation, pa ma CD atatu. Wotsogolera nchito anali Yoshinori Kitase, wojambula anthu ake Tetsuya Nomura, ndipo nyimbo anapeka ndi Nobuo Uematsu. Wosewera amalowa m'malo mwa mnyamata wochedwa Cloud Strife, kuyenda naye m'mizinda, kulankhula ndi anthu ndi kumenya nkhondo. Pankhondopo sipafunika zala zofulumira ai. Munthu aliyense amadikira nthawi yake, ndipo iwe umasankha ngati amenye, acize mnzake kapena athawe. Wopambana ndi amene waganiza bwino.

Nkhani imayambira mu mzinda wa Midgar. Olemera amakhala pamwamba pa cimbale cacikulu cacitsulo, pamene osauka amakhala pansi pake m'makomboni osafikako dzuwa. Kampani ya Shinra imapopa mphamvu yochedwa Mako kucokera m'nthaka ndi kuisandutsa magetsi, ndipo dziko lozungulira mzindawo lauma. Kagulu ka Avalanche, kotsogoleredwa ndi Barret, kamaphulitsa malo opopera Mako, ndipo Cloud amawathandiza cifukwa ca malipiro cabe. Pobwezera, Shinra imagwetsera mbali ya cimbale cija pa komboni ya Sector 7 ndi kupha anthu ambirimbiri.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwapatsa ulemu masewerawa. Sanena kuti popeza Shinra ndi yoipa ndiye kuti zonse zimene Avalanche inacita zinali zabwino. Kutsogolo kwa nkhani, mnzawo wina amamufunsa Barret za anthu osalakwa amene anafa ndi bomba lake, ndipo Barret amabvomereza kuti njira imeneyo inali yolakwika. Mafilimu angati a nkhondo amene mwaonerapo amafunsa ngwazi yake funso lotere?

Cinthu caciwiri ndi Cloud mwini wake. Iye amauza aliyense kuti anali msilikali wapamwamba wa gulu la SOLDIER. Zoona zake nzakuti analephera kulowa m'gululo, nakhala msilikali wamba, ndipo manyazi anamuletsa kuonetsa nkhope atafika kumudzi kwao. Maganizo ake atasokonezeka ndi zimene asayansi a Shinra anamucita, anatenga mbiri ya mnzake Zack nkuiyesa yake. Amacira pokhapo pamene Tifa, mnzake wa paubwana, amuthandiza kukumbukira zoona, ndipo iye amaulula pamaso pa anzake onse. Mnyamata aliyense amene anapita ku tauni atalonjeza zazikulu, zinthu nkusayenda, adzaimva nkhaniyi mumtima.

Cacitatu ndi imfa ya Aerith, mtsikana wogulitsa maluwa amene amawasamalira m'chalichi cakugwa ca m'komboni. Kumapeto kwa CD yoyamba, Sephiroth amamubaya ndi lupanga ali cogwada kupemphera. M'masewerawa, mnzako akagwa pankhondo umamudzutsa ndi mankhwala ochedwa Phoenix Down, motero wosewera amazolowera kuti imfa ndi cibwana. Koma Aerith sabweranso. Maola onse amene unathera pomukulitsa mphamvu amapita naye, ndipo malo ake amangokhala opanda munthu. Sindinayembekezere kuti zidole za pa TV zingandikumbutse mmene nyumba imakhalira maliro atatha.

Tsono zolakwika zilipo, ndipo sindizibisa. Coyamba ndi nthawi. Kuti umalize nkhani pafunika maola pafupifupi 40, ndipo ambiri mwa maolawo amathera pa nkhondo zobwerezabwereza. Ukayenda pang'ono cabe, cirombo catulukira. Wacipha, wayendanso, cina catulukira. Zimenezi siziwonjezera kanthu pa nkhani. Caciwiri, Barret ndi Cid ali ndi pakamwa potukwana, ndipo mmene Cid amakalipira Shera, mkazi wokhala naye nyumba imodzi, amazionetsa ngati zoseketsa. Cacitatu, gawo la Wall Market, kumene Don Corneo amasankha atsikana ngati katundu wa pamsika, si loyenera ang'ono anu. Ngakhale Tifa, amene ndi wolimba mtima ndiponso wanzeru, anamujambula mobvala zongokopa maso a anyamata. Ku America masewerawa anawaika m'gulu la a zaka 13 kupita m'tsogolo, ndipo ine ndigwirizana nazo.

Mu 2020 kampani ya Square Enix inaturutsa Final Fantasy VII Remake, ndipo mu 2024 inatsatiza Rebirth. Zithunzi zake nzokongola kotheratu, ndipo nkhondo tsopano ndi ya zala zofulumira. Koma Remake inatenga gawo la Midgar lokha, limene kale linali la maola ocepa, nkulikoka mpaka kukhala masewera athunthu. Kwa ine, nsima ndi yomweyo koma aithira madzi.

Cenjezo langa lalikulu lili pa masewera a pa foni a mtundu wa gacha, monga Final Fantasy VII Ever Crisis a mu 2023. Kuyamba nkwaulere, koma pofuna zida zabwino amakukopa kulipira ndalama kuti uyese mwayi, osadziwa cimene upeze. Kumeneku nkufanana ndi njuga. Ku Japan komweko, mu 2012 boma linaletsa mtundu wina wa gacha wochedwa kompu gacha. Cakomacakoma pusi anagwa cagada.

Nanga chigamulo canga? Masewera a mu 1997 ndi nkhani yabwino yoyenera acinyamata okulirapo, malinga ngati mwadziikira malire musanagwire makina: ola limodzi, nchito za panyumba ndi za kusukulu zitatha.

Pa msonkhano wanu wa gulu, kambiranani mafunso awa. Kodi colinga cabwino cingayeretse njira yoipa, monga anaganizira Barret poyamba? Ndi zinthu ziti zimene zimacititsa wacinyamata kubvala mbiri ya wina monga Cloud? Ndipo pa sabata yathayi, maola angati anathera pa foni kapena pa TV, ndipo munapindulapo ciani?