Musandiyalire mndandanda, ndipatseni mabuku awiri okangana

Funsani munthu wophunzira wa ku Metangula kuti akulozereni buku loti muwerenge, muone zomwe achite. Ayamba wakhosomola kaye, kenaka akuyalirani mayina. Pa nkhani zopeka, Mia Couto. Pa ndakatulo, José Craveirinha. Pa mbiri ya dziko, Eduardo Mondlane. Ngati anaphunzirako ku Malawi nthawi ya nkhondo, aponyamo Gwengwe ndi Zingani, kuti mudziwe kuti tsidya lija nayenso analiponda. Mayinawa ndi aulemu wake, sindikuwanyoza. Koma akamaliza, inu mwatsala ndi chiyani m'manja? Mwangodziwa kuti munthuyo anawerenga, kapena kuti mayinawo anawamvapo. Buku loti mutsegule usiku uno simunalidziwe, ndipo chifukwa choti mulitsegulire simunachimve.

Kulozera mnzako buku ndi luso, ndipo ambiri a ife timalichita mwaulesi. Ulesiwo umabisala m'mawu awiri omwe sitiwafunsa. Oyamba ndi akuti "buku labwino". Labwino kwa yani, ndipo pa msinkhu uti? Achiwiri ndi akuti "mtundu wa buku". Kugawa mabuku m'makola, ili la mbiri, ili la chikondi, ili la Mulungu, kumathandiza wogulitsa ndi wokonza mayeso. Kugombe kuno buku silibwera ndi shelefu yake. Limabwera m'chikwama cha munthu wochokera ku Lichinga, kapena pa boti lochokera ku Likoma, chikuto chitanyowa, ndipo limawerengedwa ndi aliyense amene waligwira. Wowerenga wa ku Cobue safunsa khola la buku. Amafunsa ngati likuyankhula.

Njira yomwe ine ndimaikonda, ndipo ndiimenyera nkhondo, ndi iyi: osalozera buku limodzi, osalozeranso khumi, koma awiri omwe sagwirizana. Ife a kunyanja tinayenera kuidziwa kale njirayi. Boma la mganda likamavina lokha, aliyense amati lavina bwino. Libwere boma la mudzi wina, liime m'bwalo lomwelo, ndi pomwe maso amatseguka, n'kuona kuti awa phazi likuchedwa, awo malipenga akulira mokoma. Buku lowerengedwa lokha limakunyenga, chifukwa wolemba amakhala yekha m'bwalo, wopanda womutsutsa.

Tiyambe ndi a pakhomo pathu. William Percival Johnson anafika m'mbali mwa nyanja ino mu 1882, ndipo anayenda m'midzi ya gombe lino zaka zoposa 40, maso ake atawonongeka kale ndi matenda, mpaka imfa yake ku Liuli mu 1928. Buku lake la My African Reminiscences limatchulidwa kawirikawiri anthu a mpingo wa Anglican akamakamba za kale. Koma ndani amatchula Thirty Years in Nyasaland la Padre Augustine Ambali? Ambali anagwidwa ukapolo ali mwana, anaomboledwa, anaphunzira ku Kiungani ku Zanzibar, n'kudzakhala zaka zambiri ku Msumba monga mphunzitsi, kenaka wansembe. Anthu awiriwa akukamba za midzi yomweyo, zaka zomwezo, mantha omwewo a Magwangwara omwe ankatsekereza anthu m'malinga. Kusiyana kwake n'kwakuti Johnson anali munthu wa sitima. Sitima yotchedwa Charles Janson inkakocheza, iye n'kutsika, kulalikira, kuyesa ana a sukulu, nangula n'kuzulidwa. Ambali ndiye ankatsala pamchenga sitima ikapita, kuyang'anizana ndi mfumu, ndi makolo, ndi ana omwe mawa lake ayenera kubweranso m'kalasi. Mukawerenga Johnson yekha, mpingo unabwera ndi sitima. Mukaika Ambali pambali pake, mumayamba kufunsa kuti kodi ntchito yeniyeni inkachitika sitima ilipo kapena itachoka. Funso limenelo mulibe mwa Johnson, mulibenso mwa Ambali. Limabadwa pakati pawo, ndipo wolibereka ndi amene anakupatsani mabuku onse awiri. Luso ndikunenali ndi limenelo! Amene ali ndi mtima wopitirira awonjezere Chiikala cha Wayao cha Yohanna Abdallah wa ku Unangu, cha mu 1919, amve momwe anthu a kumapiri ankaonera dziko lomweli.

Pa nkhondo ya ufulu m'pamene mndandanda umatilakwira kwambiri. Aliyense amatchula Lutar por Moçambique la Mondlane, lomwe linatuluka koyamba m'Chingerezi mu 1969, chaka chomwe mwini wake anaphedwa ku Dar es Salaam. Ndi buku la munthu woona dziko lonse ali pamwamba: ntchito yokakamiza, thonje lolimidwa mwa chikwapu, sukulu zotsekera munthu wakuda pakhomo. Limakuuza chifukwa chake mfuti inayenera kulira. Koma silikuuza momwe inamvekera ku Lunho kapena ku Chiwanga. Zimenezo zili mwa John Paul, wansembe yemwe anali ku Msumba nkhondo itayamba mu 1964, amene buku lake, Mozambique: Memoirs of a Revolution, linatuluka mu 1975. M'menemo muli asilikali a Chipwitikizi, muli apolisi a PIDE akutenga anthu, muli midzi ikutsala mabwinja eni ake atathawira ku Likoma ndi ku Tanzania, muli mishoni yopanikizika pakati pa mbali ziwiri. Mondlane amapereka chifukwa, Paul amapereka mtengo wake. Wachinyamata wowerenga woyamba yekha amatuluka akuimba nyimbo za chipani. Wowerenga wachiwiri yekha angaganize kuti nkhondo inali tsoka longogwa ngati mwera. Ndipo dongosolo lake n'lofunika: yambani mwamupatsa Paul, aone mayina a midzi ya agogo ake atalembedwa m'buku, mtima ugunde, kenaka Mondlane adzamufotokozere. Mukatembenuza, mwana agona pa mutu wachiwiri. Akamaliza onsewo n'kuyamba kudzimva kuti wadziwa, mumuponyere Entre as Memórias Silenciadas la Ungulani Ba Ka Khosa, la mu 2013, aone Niassa wina, wa misasa yomwe boma la ufulu linkatayako anthu kuti akawongoledwe maganizo.

Wina anena kuti zonsezi ndi mbiri, nanga nkhani zopeka? Pamenepo ndiye njirayi imakoma zedi. Nthondo la Samuel Nthara, lomwe linapata mphotho n'kutuluka mu 1933, ndi nkhani ya mnyamata wovuta, wakuba, amene akuyendayenda, kudzakhala mfumu, n'kumaliza ali Mkhristu. Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo kwa iye belu la tchalitchi ndi pothera pa ulendo wabwino. Tsopano tengani Chipasupasu, momwe Benedicto Wokomaatani Malunga anamasulira Things Fall Apart la Chinua Achebe. Belu lomwelo likulira, koma Okonkwo likumulanda mwana wake Nwoye, likumulanda mudzi, mpaka akudzimangirira. Mabuku onse awiri ali m'chiyankhulo chathu, mayi wa Mothers' Union angathe kuwawerenga popanda womasulira. Mupatseni onse, musamuuze amene ali wolondola. Dera lomwe lakhala ndi tchalitchi zaka zoposa 100 lili ndi a Nthondo ake ndi a Okonkwo ake, ena m'banja limodzi.

Kusamuuza kumeneku n'kovuta, ndipo olozera ambiri amagwa pomwepa. Amapereka buku pamodzi ndi chigamulo chake, monga mphunzitsi wopereka funso ndi yankho lomwe. Choyenera kunena ndi china: kuti apa wolemba akutalikitsa, pirira; kuti Chingerezi cha Johnson n'chokhotakhota; kuti Nthondo likafika kumapeto limasanduka ulaliki. Munthu amene sangakuuze pofooka pa buku lomwe akulitama, ndimakayika ngati analimaliza.

Za chikondi ndi banja ndingodutsapo. Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe likuuza mtsikana momwe ayenera kukhalira. Niketche la Paulina Chiziane, la mu 2002, likuonetsa Rami atachita zonse zoyenera, n'kupeza kuti mwamuna wake Tony ali ndi akazi ena m'makona onse a mzinda. Lina lili m'Chichewa, lina m'Chipwitikizi, ndipo kumeneko si kuipa ayi. Mwana wa sekondale amawerenga Chipwitikizi mosavuta, agogo ake anaphunzira kuwerenga m'Chinyanja cha m'tchalitchi. Apatseni mmodzi ili, wina ilo, afotokozerane pakhonde, mkangano wake mukaumvera kutali.

Njira zina zolozera mabuku sindizitayira nthawi. Kunena kuti buku linapata mphotho ndi kunena za oweruza a ku Lisboa, osati za mnzako amene wakhala patsogolo pako. Chiziane analandira Prémio Camões mu 2021, koma Niketche linali litaluma kale zaka 19 izi zisanachitike. Mindandanda yoyenda pa foni, ya mabuku 50 oti uwerenge usanafe, ndi yongochititsa manyazi osauka. Za timabuku tophunzitsa kulemera m'masiku owerengeka, olemera nato ndi otigulitsa.

Chitsutso chenicheni ndi chimodzi, ndipo n'cholemera. Kumalo komwe kupeza buku limodzi ndi mwayi, ine ndikufuna awiri? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndikuvomera, ndipo ndikuwonjezera: osalozera munthu buku lomwe sungamubwereke kapena kumuuza kwa yemwe lili. Kutchula mutu wa buku lomwe lili ku Maputo kokha ndi kudzionetsera. Koma mnzake wa buku sachita kukhala buku nthawi zonse. Ngati muli ndi Mondlane yekha, mutumizeni wowerengayo kwa gogo amene anawoloka pa bwato usiku kuthawira ku Likoma, akamve mbali inayo. Ngati muli ndi Gwengwe yekha, nyimbo za chioda zomwe amayi amaimba zimamuyankha mokwanira. Chomwe chimandipweteka n'chakuti Ambali ndi Paul, omwe analemba za midzi yathu yeniyeni, amafika kwa ife m'Chingerezi, chiyankhulo chachitatu kwa mwana wa kuno. Pa gombe pomwe Johnson ndi anzake anamasulira Baibulo lonse m'Chinyanja cha kunyanja, lomwe linatuluka mu 1912, kabuku kochepa ngati ka Ambali sikayenera kutikanika.

Pali msampha umodzi womwe ngakhale okonda njirayi amakodwamo: kulumikiza mabuku ofanana. Pa ndakatulo anthu amathamangira kuika Craveirinha pamodzi ndi Jack Mapanje, poti onse analawa ndende, wina m'manja mwa PIDE kuyambira 1965, wina ku Mikuyu kuyambira 1987. Awiriwa amagwedezerana mitu, ndipo wowerenga amangogwedeza nawo. Of Chameleons and Gods la Mapanje, la mu 1981, ine ndimaliika pambali pa Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga. Onse amayankhula mokuluwika, onse amabisa munthu kuseri kwa kanyama. Koma mwambi wa m'buku la Kumakanga nthawi zambiri umazungulira pofuna kuti mwana amvere akulu popanda kuchititsidwa manyazi, pomwe Mapanje anatenga kuzungulira komweko n'kukulozetsa kwa mkulu wa dziko lonse, Kamuzu ali moyo, apolisi ake akuwerenga nawo.